Wokwera Kavalo ndi Wotola Malupanga

Mlamu wanga tinamuika m'manda Lachiwiri. Pofika Lachinayi madzulo okhuza maliro anali atabalalika, masamba amene tinayala pamsewu atauma n'kupondedwa ndi njinga za kabaza. Mwana wa mlongo wanga, amene anayenda masiku awiri pa basi kuchokera ku Johannesburg kudzaika bambo ake, anandipeza ndili pakhonde kwathu ku Chilomoni. Anakhala pamkeka, n'kutulutsa m'chikwama kabokosi ka makhadi a zithunzi. Anati usiku wapitawo atasowa tulo anawasakaniza n'kusololapo awiri, ndipo chisololereni mtima wake sunakhale pansi.

"Amalume, taonani zimene zanditulukira. Ndiye kuti pakhomo pano pagwanso zovuta zina?"

Khadi loyamba linali ndi munthu wa mafupa okhaokha atakwera kavalo woyera, pamwamba pake nambala XIII, pansi pake liwu la Chingerezi lotanthauza Imfa. Lachiwiri linalibe dzina, linangokhala ndi V pamwamba, ndi mwamuna amene wakumbatira malupanga. Ndi limene amalitcha Malupanga Asanu.

Ndinamuuza mosabisa kuti ine sindikhulupirira zoti pepala losindikizidwa pa makina lingadziwe za mawa, komanso kuti mpingo umene ndinakuliramo umaletsa maula a mtundu uliwonse, kaya a asing'anga kaya a azungu. Maganizo amenewo ndikadali nawo. Koma ndinamupempha kuti andisiyire makhadi awiriwo usiku umodzi, chifukwa maso anga anali atakodwa kale. Chithunzi cha mmisiri weniweni chimawerengedwa ngati nthano, ndipo ziwirizi zitagonekedwa limodzi zinkasimba nkhani imene ine ndinaiona ndi maso, ndiponso ndinaichitako.

Makhadi amenewa amatchedwa tarot. Anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, ndipo anali osewerera basi, monga momwe anyamata amasewerera makhadi pansi pa mtengo wa mango. Mabanja olemera a ku Milan, a Visconti ndi a Sforza, ankalemba amisiri kuti awajambulire pamanja. Zoombeza zinafala patapita zaka zoposa 300, ku France, kumene mu 1781 Antoine Court de Gébelin analemba kuti makhadiwa anabisa nzeru za ansembe a ku Iguputo wakale. Umboni analibe, koma nkhaniyo inakoma m'makutu mwa anthu ndipo sinafenso. Paketi yathunthu imakhala ndi makhadi 78: akuluakulu 22, mmene muli Imfa, ndi ang'onoang'ono 56 ogawidwa m'magulu anayi, a malupanga, a ndodo, a zikho ndi a ndalama.

Amene anali pamkeka wangawo ndi a mtundu umene unatuluka ku London mu 1909. Maganizo anali a Arthur Edward Waite, wosindikiza anali Rider, koma dzanja lojambula linali la mayi wotchedwa Pamela Colman Smith. Mayiyu anabadwira ku London mu 1878, anakhalako ku Jamaica ali mtsikana, ndipo mu 1899 anatulutsa buku la nthano za Anansi, kangaude wochenjera amene kumeneko amagwira ntchito imene Kalulu amagwira m'nthano zathu. Anagwirakonso ntchito ndi anthu a zisudzo. Ndikutchula zimenezi chifukwa zikuonekera m'makhadi ake: amadziwa kuti khosi lopindika kapena msana wotembenuka zimalankhula kuposa pakamwa. Iye asanabwere, khadi la Malupanga Asanu m'mapaketi ambiri linkangoonetsa malupanga asanu opingasana, opanda munthu. Smith ndiye anaikamo anthu, nyanja ndi mitambo.

Tiyambe ndi wokwera kavalo, ndipo tione m'manja mwake. M'makhadi akale a ku Marseille khadi la 13 lilibe n'dzina lomwe. Ndi mafupa ali chiimire, akumweta ndi chikwakwa chachikulu, pansi pali mitu, manja ndi mapazi a anthu ngati mapesi m'munda. Smith anachichotsa chikwakwacho. Imfa yake yavala zachitsulo zakuda ngati msilikali wamakedzana, koma chida ilibe. Dzanja limodzi lagwira zingwe za kavalo, linalo lagwira mbendera yakuda yokhala ndi duwa loyera. Manja onse awiri ali ndi ntchito kale. Pa kavalo palibe thumba, m'mbuyo mulibe ngolo. Ndinakhala nthawi yaitali pa kuwala kwa babu wa pakhonde kufunafuna katundu amene Imfayi yanyamula, ndipo sindinamupeze. Mfumu yagona pansi pa kavalo, chisoti chake chachifumu chagwera pafumbi, koma wokwerayo sakuwerama kuti achitole. Sakuchiyang'ana n'komwe.

Kavaloyo sakuthamanga. Watukula mwendo umodzi, akuyenda modekha ngati galimoto yonyamula bokosi ikamakhotera kumanda. Wodziwa Baibulo akumbukira kavalo wotumbululuka wa m'Chivumbulutso 6, koma uyu ndi woyera mbee, ndipo m'chithunzi chonsechi mulibe ukali. Chigaza chilibe nsidze zoti chikwinye, chilibe milomo yoti chinyodole nayo.

Kutsogolo kwa kavalo kuli anthu atatu amoyo, ndipo aliyense amene anagonapo pasiwa awazindikira. Bishopu waimirira m'mkanjo wake wagolide, manja ataphatikiza, nkhope italunjika kwa wokwerayo. Ndi akumpingo amenewo, amene ntchito yawo ndi kuima patsogolo n'kulankhula pamene enafe mawu atithera. Mtsikana wagwada, manja ali lende, nkhope waitembenuzira kumbali. Mlongo wanga anachita chimodzimodzi Lachiwiri lija nthawi yoona nkhope itakwana: anafika pa bokosi amayi awiri a kwaya atamugwiriziza, koma maso anawaponya kukhoma. Ndiye pali kamwana, kagwada nako, kanyamula maluwa, kakuyang'ana wokwerayo mopanda mantha. Ana timawathamangitsa pamaliro, koma ndi iwo amene amafunsa funso lolunjika, lakuti agogo tawasiyiranji okha m'dzenje muja.

Anthu atatuwa aunjikana pakona imodzi ya khadi, moyandikana kwambiri. Palibe amene wathawa. Imfa yawasonkhanitsa, monga momwe imatisonkhanitsira kuno: a CCAP, Akatolika a ku St James, Asilamu, a chipani ichi ndi a chipani icho, alandilodi ndi a lendi awo, onse pa benchi limodzi, kudya nsima ya nyemba ndi kabichi yochokera mu mphika umodzi. Akale anati maliro n'kulirana, ndipo m'makwalala a ku Chilomoni mawu amenewo akugwirabe ntchito. Ngakhale amene munakangana naye za malire a mpanda amabwera ndi mtolo wa nkhuni.

Kumbuyo kwa onsewa kuli mtsinje, ndipo pamtsinjepo kangalawa kakuyenda ngati palibe chachitika. Patali, pakati pa nsanja ziwiri, dzuwa lili m'munsi. Waite ankalitenga ngati chizindikiro cha moyo wosatha, koma chithunzicho pachokha sichiulula ngati likutuluka kapena likulowa. Oombeza ambiri a makhadiwa amafulumira kutonthoza amene wabwera kwa iwo. Amati khadi la Imfa silinena za imfa, limanena za kusintha, kutha kwa ntchito, kutha kwa chibwenzi, kusamuka. Ndikumvetsa chifukwa chake amatero, koma kufewetsa kotereku ndikukukana. Mfumu ija yafa ndithu, ndipo sidzuka. Mwana wa mlongo wanga sindingamuuze kuti bambo ake asintha. Ngati khadili lili ndi chitonthozo, chili m'kusakondera kwake: wokwerayo wadutsa pa mfumu, afikanso pa bishopu, tsiku lina afika pa kamwana, ndipo podutsapo zonse zimene anthuwo anali nazo akuzisiya pamene zinali. Nyumba ya mlamu wanga ilipo. Zipinda zitatu za lendi zimene anamanga kuseri zilipo. Firiji ikulirabe m'khitchini. Imfa sinatenge ngakhale supuni.

Tsopano tione khadi lachiwiri, limene mwana wa mlongo wanga sanaliope konse chifukwa mulibe mafupa.

Kutsogolo kuli mwamuna wamoyo, wamphamvu, tsitsi lofiirira likuuluzika ndi mphepo. Malupanga awiri wawatsamiritsa paphewa, lachitatu waligwira kudzanja lina nsonga yake italoza pansi. Awiri otsala ali pansi, pafupi ndi mapazi ake. Iye wacheuka, akuyang'ana anthu awiri amene akuchoka, ndipo pakamwa pake pali kakumwetulira kamene aliyense amakadziwa, ka munthu amene zake zayenda. Mmodzi mwa ochokawo wakoleka chovala paphewa, wapereka msana. Winayo ali patali, m'mphepete mwa madzi, waweramitsa mutu, nkhope ili m'manja. Mitambo ndi yong'ambikang'ambika ngati nsalu yakale imene mphepo yaikokera mbali imodzi.

Choyamba chimene chinandigwira ndi chakuti m'khadili mulibe magazi. Malupanga ndi asanu, koma palibe wovulala, palibe mtembo, palibe ngakhale malaya ong'ambika. Ndewu iyi yatha popanda kubayana. Anthu awiriwo angosiya malupanga awo n'kumapita. Ena owerenga makhadiwa amati imeneyo ndi nzeru, kudziwa nthawi yochoka pa mkangano umene sungaupambane, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma ine kuchoka kumeneku ndakumva ndi makutu nthawi zambiri, ndipo mawu ake ndi awa: "Atenge basi, Mulungu ndiye akudziwa." Amatero mayi amene sanagone masiku anayi, amene mutu wake uli m'duku lakuda, amene wauzidwa kuti namfedwa salankhula mokweza. Amasiya chifukwa mphamvu zamuthera pa nthawi imene anzakewo zawo zili zonse. Tikamamutamanda kuti ndi mayi wofatsa, wopindula ndi kufatsako amakhala uja wakumbatira malupanga.

Chachiwiri ndi masamu. Anthu m'khadili ndi atatu, malupanga ndi asanu. Limodzi tinene kuti ndi la wopambanayo, awiri ndi a ochokawo. Nanga awiri enawo eni ake ali kuti? Smith sanawajambule. Alipo anthu awiri amene aluza nawo koma m'chithunzi mulibe. Nditaika khadili pambali pa la Imfa ndinaona kuti anthu amene anali kuja, mtsikana wogwada ndi kamwana ka maluwa, kuno sakuoneka. Bishopu nayenso wapita. Zili ngati pamudzi tsiku lotsatira kuika maliro: akumpingo atsazika, kwaya yanyamula mabuku ake a nyimbo, adzukulu asamba m'manja, ndipo kwatsala msonkhano wa banja. Pa msonkhano umenewo amuna amakhala pabalaza, pamene mkazi wamasiye ndi ana ake nthawi zambiri amakhala kuchipinda kapena kuseri kwa nyumba, kudikira kuti auzidwe zimene zagwirizanidwa pa chuma chimene iwo anachikhetsera thukuta.

Chachitatu, munthu ali ndi manja awiri. Lupanga limodzi lingamuteteze, awiri mwina, koma atatu ndi katundu wolemetsa, ndipo awiri ali pansiwo alibe powanyamulira. Wopambanayu watenga zimene sangathe kugwiritsa ntchito. Ukayang'anitsitsa sakusirira n'komwe malupangawo. Maso ake ali pa misana ya anzake. Chimene chikumukomera ndi chakuti iwo alibe.

Chachinayi ndi chimene chinandisowetsa tulo, ndipo ndi nkhani ya pamene wojambulayo watiimika ife oonera. M'khadi la Imfa tikuonera cham'mbali, ngati munthu wodutsa pamsewu amene watsika njinga n'kuvula chipewa. M'khadi la Malupanga Asanu, Smith watiimika pafupi ndi wotolayo. Iye ndi wamkulu, ali pamphuno pathu, pamene oluzawo akucheperachepera kulowera kumadzi. Nkhope yake tikuiona bwino, za iwo sitikuziona. Sitikudziwa ngati ali achikulire kapena anyamata, ngati akulira kapena akutukwana chamumtima. Mayi uja wa zisudzo anadziwa chimene ankachita. Ambiri akasolola khadili amadziona ngati mmodzi wa ochokawo, olakwiridwa, koma malo amene chithunzicho chatipatsa ndi a pambali pa wolandayo, ngati achibale ake amene tabwera naye limodzi.

Makhadi awiriwa akagona limodzi, la Imfa kumanzere ndi la malupanga kumanja, kavalo uja amakhala akuyenda kulowera kwa mwamuna wa tsitsi lofiirira. Ndiye nkhani imawerengeka yokha: Imfa yadutsa osatenga kanthu, ndipo m'mbuyo mwake mwabwera wamoyo kudzatola. Chisoti chimene wa mafupa uja anachisiya pafumbi chapeza wochiwerama. Kuja anthu anaunjikana moyang'ana mbali imodzi, kuno amwazikana atapatsana misana. Kuja madzi anali mtsinje wokhala ndi ngalawa, njira yoolokera, kuno ndi nyanja yopanda bwato, ndipo woluzayo waima m'mphepete mwake alibe kolowera. Kuja kunali dzuwa. Kuno kulibe.

Pali china chimene Smith sakanachidziwa, ndipo sindikunena kuti analosera, koma nditawerenga malupangawo, atatu m'manja ndi awiri pansi, ndinakumbukira lamulo lathu lakale. Wills and Inheritance Act ya 1967 inkanena kuti mwamuna akamwalira osasiya wilo, ndipo ukwati wake unali wa kumadera a chikamwini monga kuno kwathu, chuma chake chigawidwe pasanu: magawo awiri apite kwa mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, magawo atatu apite kwa olowa chuma monga mwa mwambo, ndiye kuti abale a mwamuna. Kumadera a lobola chinkagawidwa pakati n'pakati. Atatu m'manja mwa achibale, awiri pansi kuti mkazi ndi ana atole, ngati awasiyira. Kwa zaka 44 chimenecho chinali chilungamo cha boma.

Mwambowo paokha unali ndi nzeru zake pamene unabadwira. Kumudzi mkamwini ankakhala kwa mkazi. Munda unali wa kuchikazi, malo a nyumba a kuchikazi, ana a mbumba ya kuchikazi, ndipo wowayang'anira anali malume wawo. Mwamuna akamwalira abale ake ankatenga khasu, nkhwangwa, zovala, mwina njinga, n'kumusudzula mkaziyo. Iye ankatsala pa nthaka ya amayi ake, ndi nkhokwe yake. Koma ku Chilomoni kapena ku Ndirande kulibe munda wa kuchikazi. Kuli puloti imene awiriwo anagula ndi malipiro a mwamuna pamodzi ndi phindu la mandasi ndi kaunjika wa mkazi, pepala lake n'kulembedwa dzina la mwamuna yekha. Kuli nyumba ya malata, zipinda za lendi, ndalama za penshoni. Mwambo wa khasu ndi nkhwangwa tinaunyamula n'kudzaugwiritsa ntchito pa nyumba ya njerwa zootcha, ndipo m'zaka zimene Edzi inkatha anthu m'tauni muno, magalimoto ankatuluka m'makomo a maliro atadzaza mipando, mabedi, ngakhale mapoto. Mu 2002 bungwe la WLSA linatulutsa kafukufuku wa nkhanza zolanda chuma akazi amasiye, ndipo mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Lamulo limeneli linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana ndi odalira malemu, linati katundu wa m'nyumba atsale ndi wamasiyeyo, ndipo kutenga chuma cha masiye popanda ufulu ndi mlandu woti munthu akhoza kukalowa nawo m'ndende. Koma lamulo limakhala ku ofesi ya Administrator General ndi kukhoti, pamene msonkhano wa banja umachitikira pabalaza, maliro asanathe sabata.

Mu 1996 mkulu wanga anamwalira ku Ndirande. Ndinali mnyamata wa zaka 29, wolankhula bwino, ndipo akuluakulu a kwathu ananditenga kuti ndikawathandize pa msonkhano. Alamu anga anali ndi makina osokera opalasa ndi phazi, amene ankasokera mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde. Ine ndi amene ndinanena kuti makinawo anagula ndi achimwene, ndiye ndi a kwathu. Sindinaname, anagula ndi iwo ndithu. Alamu sanayankhe. Anangolowa kuchipinda. Ndinagwira mbali imodzi ya makinawo powakweza pa galimoto, ndipo ndikukumbukira kuti ulusi wa buluu unali udakali m'singano. Kwathu kunalibe wodziwa kusoka. Makinawo anakakhala pakona m'nyumba ya amayi kumudzi, atafundika chitenje, mpaka anachita dzimbiri. Sindikudziwa ngati ndinamwetulira tsiku limenelo, koma ndikudziwa kuti pobwerera mtima wanga unali wopepuka, ngati wa munthu amene wagwira bwino ntchito ya banja. N'chifukwa chake nkhope ya mwamuna wa m'khadi ija sindikuiona ngati ya chigawenga. Smith sanamupatse mano a fisi. Ndi munthu wamba, wooneka bwino, amene akukhulupirira kuti malupangawo ndi ake.

Oombeza amati tanthauzo limasintha malinga ndi khadi limene layamba, ndipo pa ichi chokha ndikugwirizana nawo, chifukwa ndi mmene nkhani iliyonse imayendera. Ndinasinthanitsa makhadiwo, malupanga kumanzere, Imfa kumanja. Tsopano kavalo uja akuchoka, wapereka msana ku malo a ndewu, ndipo chimene wapondapo ndi chimene ndewuyo yapha. Alamu anga aja anabwerera kwawo ndi ana atatu. Anawo lero ndi akuluakulu, mmodzi amakhala ku Machinjiri konkuno. Tikakumana m'tauni amandipatsa moni waulemu, wa manja awiri, umene munthu amapereka kwa mkulu aliyense wa m'njira. Sanandinenepo kanthu. Paukwati wake sanandiitane, ndipo sindinadabwe. Timati chibale ndi fupa sichiola. Mwina n'zoona, koma wokwera kavalo uja nayenso ndi mafupa osaola, ndipo mulibe moyo. Imfa ya mkulu wanga inatisonkhanitsa tonse m'nyumba imodzi ku Ndirande, tikulira limodzi. Amene anatimwaza ndi ife, ndi makina osokera amene palibe anawapalasanso.

Za Smith mwini zinathanso mofananamo. Makhadi ake agulitsidwa padziko lonse, koma kwa zaka zambiri ankadziwika ndi maina a amuna awiri aja okha, Rider ndi Waite, pamene lake linatsala ngati kachizindikiro ka zilembo zitatu pakona ya chithunzi. Anamwalira mu 1951 ku Bude, m'chigawo cha Cornwall, ali ndi ngongole, ndipo katundu wake anagulitsidwa kuti abweze ngongolezo. Ndinakafunafuna kachizindikiroko pa makhadi onse awiri, ndipo ndinakapeza.

M'mawa wa Lachisanu, nkhungu idakali pa phiri la Michiru, mwana wa mlongo wanga anabwera kudzatenga makhadi ake. Anafunsanso ngati akunena za maliro ena. Ndinamuuza kuti maliro amene akuwaopawo achitika kale, ndipo khadi limene ayenera kuliyang'anitsitsa ndi linalo. Anafunsa ngati ndiye kuti nyumba ipita. Ndinati makhadi sangadziwe zimenezo, koma ndinamufunsa ngati bambo ake anasiya wilo. Anapukusa mutu. Anati amayi ake anayesapo kuitchula nkhaniyo kuchipatala, koma bambo anakalipa kuti akuwaitanira imfa. Mantha omwewo amene anamugwira iye ataona mafupa pa kavalo ndi amene analetsa bambo ake kugwira cholembera. Timaopa chithunzi cha imfa ndi dzina lake lomwe, mwakuti za tsiku lotsatira timazisiya m'manja mwa aliyense amene adzayambe kuwerama.

Ndinamutuma kuti akauze amayi ake asonkhanitse mtchatho wa ukwati, mapepala a puloti, makalata a kuntchito kwa malemu ndi kabuku kamene amalembamo ndalama za lendi, aziike m'chikwama chimene sichichoka pathupi pawo. Ndinamuuzanso kuti pa msonkhano iye ndi alongo ake akakhale m'kati, pafupi ndi amayi awo, ngakhale wina awauze kuti ana atuluke.

"Koma amalume, akuchimuna akatiyesa amwano."

"Akatero ndiyankha ndine, mwana wanga. Iwe ukangokhala pansi osatuluka."

Msonkhano unali Loweruka m'mawa. Nditafika ndinapeza akuchimuna akhala kale pa mipando ya pabalaza, mlongo wanga ali pamphasa pafupi ndi khomo, ana ake atamuzungulira, chikwama chili pamiyendo. Tisanapemphere n'komwe, mng'ono wa malemu anafunsa mwaulemu kuti makiyi a zipinda za lendi akusunga ndani. Ndi mnyamata wooneka bwino, wolankhula mosadodoma, wa msinkhu umene ndinali nawo ine mu 1996.